Mzere Umene Sitinakumbe

Olemekezeka Bwanamkubwa wa boma lino la Mangochi, olemekezeka mafumu athu onse, kuyambira mfumu yaikulu ya dera lino kufikira eni mudzi uno wa Mpwatika, amene mwatilola kuponda dothi lanu, olemekezeka Phungu wathu wa ku Nyumba ya Malamulo pamodzi ndi makhansala, olemekezeka mashehe, ansembe ndi abusa, amene mwatitsegulira mwambowu ndi duwa ya Chisilamu ndi pemphero la Chikhristu, olemekezeka Pulofesa Gilford Chimwaza ndi anzanu onse ochokera kusukulu yaukachenjede, Dokotala Rahma Hafiz, mwana wathu wa kwa Mponda, mwini ntchito imene yatisonkhanitsayi, akubanja la malemu Che Yunus Zubair, motsogozedwa ndi mwana wawo Che Ahmad, aphunzitsi ndi ophunzira, atolankhani, amayi ndi abambo. Asalamu aleikumu. Mtendere ukhale nanu nonse.

Kwa amene simundidziwa, dzina langa ndine Lekani Kachigamba, dokotala wa mano wopuma ntchito. Koma ndikukayika ngati osandidziwa ali ambiri, chifukwa pamene ndimaimirira ndaona anthu angapo akugwira tsaya. Khalani phee, abale anga, lero sindinatenge zida.

Ndinafika m'boma lino ndili mnyamata wochokera ku Ntcheu, ndili ndi sutikesi imodzi ndi jekete la ubweya limene sindinalivalenso mpaka lero. Chiyao sindinkachidziwa, kutentha kunkandiliza, ndipo ndinkati ndikhala kanthawi kochepa ndipemphe kusamuka. Tsitsi langa layerera konkuno. Ana anga anabadwira konkuno, mayi awo ndinawaika konkuno, ndipo pa anthu mwakhala panonu ndi ochepa amene sindinasuzumireko m'kamwa mwawo kapena mwa makolo awo. Ndiye pamene a komiti anabwera kudzandipempha kuti ndikhale mlendo wolemekezeka, ndinawafunsa kuti, kodi mlendo amakhala zaka zonsezi? Anandiyankha kuti nyumbayi ndi ya mano, ndipo nkhani yake inayambira pa mpando wanga. Ndinalibe pothawira, chifukwa n'zoona.

Nyumba imene tikutsegula lero ndi yosungiramo mano a nyama zimene zinafa kalekale, munthu asanakoleze moto m'dziko lino, ndipo mano amenewa anafukulidwa m'chigwembe chili kuseri kwa mzikiti uko. Ena mwa inu mwakhala mukufunsa, ndipo ndi funso labwino: kodi anthu ophunzira chonchi angasiye maofesi awo, n'kumapsa ndi dzuwa chilimwe chonse, chifukwa cha mano a mvuu? Loleni ndiyankhe monga wa mano, mwina zimveka msanga kusiyana ndi momwe a Pulofesa angafotokozere. Pepani a Pulofesa.

M'thupi la munthu kapena la nyama, pafupifupi chilichonse chimasintha. Khungu limasuluka, magazi amapangika ena, fupa likathyoka limalumikizika. Koma chikutiro choyera cholimba cha kunja kwa dzino chimapangika kamodzi kokha, dzino likamakula, ndipo chikatha kupangika sichisinthanso. Chimamangidwa ndi zimene mwini wake ankadya ndi madzi amene ankamwa pa nthawiyo. N'chifukwa chake ife a mano timatha kudziwa kumene munthu anakulira tisanamufunse: amene anakula akumwa madzi a m'mijigo ina mano ake amakhala ndi mawanga ofiirira, ndipo angasamukire ku Lilongwe, angavale suti yotani, mawangawo amapita nawo. Dzino limasunga, ndipo likakwiririka m'dothi limasungabe, mafupa ena onse atawola.

Dokotala Rahma amapala kaufa pang'ono pa chikutirocho, kochepa ngati mutu wa machesi, n'kukatumiza ku makina oyeza. M'kaufa kameneko muli tinthu tosaoneka ndi maso timene akatswiri amati maisotopu, kutanthauza kuti chinthu ndi chimodzi chomwecho koma china ndi cholemererapo, china chopepukirapo. Kaboni wa m'dzino amaulula ngati nyamayo inkadya masamba a mitengo kapena udzu wa m'dambo. Okosijeni amaulula za madzi. Amayi inu mukamauluza mpunga kumphepo, wolemera umagwera pafupi ndi mapazi anu, mankhusu n'kupita patali. Mtambo nawo ukamakwera phiri umayamba wagwetsa madzi olemera, ndipo ofika pamwamba ndi kuseri amakhala opepuka, kawirikawiri ochepanso. Ndiye phiri likatalika, mvula ya m'dera lonse imasintha, madzi a m'mitsinje amasintha, ndipo nyama yomwa madziwo imalemba kusinthako m'mano ake osadziwa.

Inde, ndati phiri likatalika. Ndaona ena mwayang'ana kumapiri a kummawa uko ngati ndachita misala. Nanenso ndinkaganiza kuti mapiri anangoikidwa pomwe alipo monga momwe alili. Koma akatswiri akuti chigwa chimene muli nyanja yathuyi chinachita kutsika, mapiri a m'mbali n'kumakwera, pang'onopang'ono kwambiri moti palibe diso likanaona. Mukaima m'chigwembe muja muona dothi lili mizeremizere, wina pamwamba pa unzake. Mzere wapansi ndi wakale kwambiri, wapamwamba ndi wa pambuyo pake. Mukayeza mano a mzere uliwonse motsatana, mumawerenga mmene mvula inkasinthira ndi mmene mapiri ankakwerera. Anzathu a ku Karonga akhala akuchita ntchito yotere kwa zaka zambiri. Ife kuno sitinkadziwa kuti tili nawo mano athu.

Amene anawapeza si munthu wasukulu, ndipo sankafuna mano. Ankafuna mkazi wake.

Che Yunus Zubair ambiri munkawadziwa: munthu wamtali, wolankhula motsitsa, mlimi wa mpunga amene pa unyamata wake anaphako nsomba ku Nkopola. Akazi awo, a Abiba, amene tonse tinkati Abiti Amidu, anamwalira n'kuikidwa kumanda a mudzi uno, chakumapeto, mbali ya kumunsi. Sipanapite nthawi yaitali, kunagwa mvula ija yoopsa imene inakokolola milatho. Madzi ochokera kuphiri, kumene mitengo tinaimaliza tokha ndi nkhwangwa zathu, anatsata kanjira ka ng'ombe n'kukasandutsa chigwembe chozama kuposa denga la nyumba. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Mvula iliyonse chigwembecho chinkadya m'mbali, ndipo mbali imene chinkadya kwambiri ndi ya kumanda.

Tsiku lina mmawa, mvula itakata, Che Yunus anatsikira m'chigwembemo kukaona kuti chafika pati. Pansi pa manda penipeni anapeza mafupa ndi mano ali mbwee mumchenga. Tangoganizani, abale anga, zimene zinabwera mumtima mwa mkulu uja. Sanaitane munthu. Anatola fupa lililonse, dzino lililonse, kutsika ndi chigwembe mpaka kumene madzi anathera mphamvu. Anazitsuka bwinobwino, anazikulunga m'nsalu yoyera ya sanda monga mwambo wa Chisilamu umanenera, anakumba dzenje pamalo okwera, n'kuziika akuwerenga duwa. Koma mtima sunakhale pansi, chifukwa mafupa ena anali aakulu modabwitsa, ndipo pamwamba manda ankaoneka osagumuka. Anasungako dzino limodzi laling'ono, lofanana ndi la munthu. Nanga m'boma lino munthu akakhala ndi funso la dzino amapita kwa yani?

Nthawi imeneyo ndinali nditapuma kale ntchito ya boma, ndili ndi kachipinda kanga kozuliramo mano kwa Mponda. Anafika pa njinga, thukuta lili kamukamu, anakana kukhala, n'kutulutsa kansalu koyera m'thumba la mkanjo wawo. Anati, "Che Dokotala, inu mano a mayi akunyumba munkawadziwa. Tandiuzani zoona, musandinyengerere. Ili ndi lawo?"

Ndinkawadziwadi. Abiti Amidu ndinawamatapo mano awiri, ndipo ankandinena kuti dzanja langa ndi lolemera ngati la womanga nyumba. Ndinalitenga dzinolo. Linali lakuda, lolemera ngati mwala, ndipo nsonga zake sizinali za munthu. Ndinati, "Che Yunus, si lawo. Si la munthu aliyense. Ili ndi la nyama ya mtundu wa nyani, ndipo linagona m'dothi kalekale, agogo a agogo athu asanabadwe."

Apo m'pamene anakhala pansi. Anati Alihamudulillahi kangapo konse, misozi ikutsika, kenako anayamba kuseka. Anati, "Ndiye kuti ine, mkulu wonse uyu, ndawerengera anyani duwa?" Ndisanayankhe anadziyankha okha: "Palibe kanthu. Mulungu adziwa kokaipereka." Dzinolo anandisiyira, amvekere sakufunanso kuliona.

Ndinakumbukira kuti mwana wa Che Hafiz, amene ndinamuzulapo mano a ubwana, akuphunzira za miyala kusukulu yaukachenjede. Ndinamuimbira foni. Rahma anabwera, anatsikira m'chigwembe, ndipo anatulukamo ali ndi chimwemwe chachikulu. Chinamudandaulitsa chinali chimodzi. Mano onse amene Che Yunus anatola anali atasakanikirana m'nsalu imodzi, ndipo dzino likachoka pa mzere wake limanenabe za madzi amene mwini wake ankamwa, koma silinganenenso kuti zinali liti. Sanawadzudzule. Angawadzudzule bwanji munthu amene ankalemekeza maliro? Anangowapempha chilolezo chokumba amene anali akadali m'khoma la chigwembe, pamalo pawo.

Apa ndiyenera kuthokoza. Ndithokoze mafumu, amene munamva nkhani yachilendo koma simunatseke khomo. Ndithokoze a Pulofesa ndi anzanu, amene munakhulupirira mwana wamkazi wa kuno n'kumupatsa ntchito yaikulu chonchi kuti ikhale ya digiri yake yaudokotala. Ndithokoze a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, amene munapereka chilolezo n'kuumirira kuti mano asachoke m'dziko muno. Ndithokoze amuna ndi amayi a Mpwatika, amene munasefa mchenga padzuwa, ena muli pa swaumu ya Ramazani, osamwa ngakhale dontho la madzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la nyumba iyi munalisenza ndinu. Ine changa chinali chochepa. Kachipangizo kopalira kaufa kaja ndi komwe ife timabowolera mano, ndiye Rahma ankagwirira ntchito kuseri kwa chipinda changa, kotchingidwa ndi mabolodi, chifukwa kunali magetsi. Odwala anga akamva kulira kwake ankafuna kuthawa.

Zilimwe zingapo anakumba, kuyambira mzere wapansi kukwera m'mwamba, ndipo mano anayamba kulankhula. Malinga ndi zimene iye wapeza, a pansi ananena za dziko la mitengo yambiri ndi madzi ochuluka. A pakati anayamba kunena za udzu, ndipo madzi ake anali atayamba kusintha. Nkhani inkamveka bwino, ndipo aliyense ankaona kumene ikulowera. Kunatsala mzere umodzi, wapamwamba, umene ukanatseka nkhani yonse ndi kunena kuti kusinthako kunathera pati. Koma mzere umenewo madzi anali ataukokolola paliponse, kupatula malo amodzi. Unatsala pansi pa manda a Abiti Amidu.

Kuti aufikire panafunika kugumula khoma la chigwembe, ndipo khomalo ndi limene linkachirikiza mandawo. Panachitika msonkhano, ndipo ine ndinalipo. Palibe anachita zachinyengo, palibe anaopseza mnzake. A Shehe anafotokoza kuti chipembedzo chimalola kusamutsa thupi ngati madzi akuopseza manda, ndipo aliyense ankaona kuti akuopsezadi. Ana a malemuwo anavomera. Akuluakulu a mudzi anavomera. Zinkaoneka zanzeru kumbali zonse: mayi asamutsidwire pamalo otetezeka, kenako ophunzira akumbe. Maso onse anatembenukira kwa Che Yunus, ndipo iwo anayang'ana Rahma, amene ankamutcha mdzukulu wawo, n'kunena kuti, "Chabwino, chitani."

Patangotsala masiku ochepa kuti ntchitoyo ichitike, ndinaona njinga ija yaima pakhomo panga masana. Ulendo uno sanadikire kuti ndiwakhazike. Anapita okha pa mpando wozulira mano n'kutsamira. Ndinavala magolovesi, ndinati, "Yasamulani, ndi liti likupweteka?" Anati, "Palibe, Che Dokotala. Ndabwera chifukwa pa mpando uwu mwamuna akalira anthu sadabwa."

Che Ahmad andilola kuti ndinene mawu a bambo awo pagulu lino, ndipo ndiwanena monga ndinawamvera. Anati: "Ine ndi amene ndinatsikira m'manda muja kukamulandira. Ndinamugoneka ndekha, nkhope kuyang'ana ku Kibula, kumene timayang'ana popemphera, ndinamasula mfundo za sanda ndi manja awa. Ndinamuuza kuti, gona, palibe adzakuvutitse. Kenako tsiku lija ndinatola mafupa m'chigwembe ndikuyesa ndi iye. Ndinamutola kale kamodzi, Che Dokotala, ngakhale anali anyani. Munthu sachita zimenezo kawiri. Koma ndingakane bwanji? A Shehe alola, ana alola, ndipo mwana uja wavutika zaka zonsezi. Ndikakana ndamuphera sukulu. Musakamuuze. Ndangofuna ndilire pang'ono ndizipita."

Ndinalibe mankhwala a ululu umenewo. Ndinangovula magolovesi anga. Ndiye ndinazindikira kuti m'chipinda muli zii. Kachipangizo kaja, kamene kanakhala kakulira kuseri kwa mabolodi kuyambira mmawa, kanali katasiya. Che Yunus sankadziwa kuti Rahma ali mommo, ndipo ine pa nthawiyo zinali zitandichoka m'mutu.

Anatuluka, fumbi loyera lili pa mpango wake wakumutu, n'kugwada pambali pa mpando. Anawatchula agogo m'Chiyao, anati, "Ambuje, sitikumba." Mkulu uja anayesa kukana, amvekere iyayi mwanangu, ndalola kale pamaso pa anthu, mawu a mwamuna sabwerera. Iye anati, "Inu simubweza mawu anu. Ndine ndikubweza pempho langa."

Musaganize kuti zinali zophweka, kapena kuti sanataye kanthu. Anataya. Nkhani imene ankati adzaiuza dziko lonse inatsala yopanda mathero, ndipo akatswiri a kunja amene ankayembekezera zotsatira anatembenukira kwina. Digiri yake inachedwa, chifukwa anayenera kulembanso zambiri n'kuvomera pamaso pa omuyesa kuti funso lake lalikulu sanaliyankhe lonse. Ndinamuona akulira kuseri kwa mabolodi kuja, ndipo sindinamuuze kuti zonse zikhala bwino, chifukwa sindinkadziwa. A Pulofesa nawonso, ndinene poyera pakuti iwo eni amanena, poyamba sanakondwe. Anabwera ndi mtima wodzamubweza. Anakaima pamphepete pa chigwembe, anaona manda, anaona mkulu uja akuzula udzu pamandapo, ndipo pobwerera anangofunsa kuti miyala yomangira ingapezeke kuti.

Chilimwe chomaliza, chimene chinali chokumba, anachithera pomanga. Ophunzira a kuyunivesite anasenza miyala pamodzi ndi anthu a mudzi uno, anaimanga m'mawaya kutsamira khoma la chigwembe, pamwamba anabzala udzu wa vetiva ndi mitengo. Khoma limenelo linatchinga mzere wapamwamba uja, ndipo amene anaika mwala woyamba pamwamba pa mano amene ankawafunitsitsa ndi Rahma yemweyo. Mvula yabwera kangapo chimangireni, ina yamphamvu ndithu. Khoma lilipo. Manda alipo.

Kwa inu ophunzira, amene aphunzitsi anu akukhazikani padzuwa kuti mumve nkhalamba ikulankhula, ndili ndi mawu ochepa. Mukalowa m'nyumbamu muona dzino la mvuu lalikulu kuposa chibakera changa, muona a njovu za mtundu umene kulibenso, muona a nyama zodya udzu. Funsani mafunso mpaka Dokotala Rahma atope, pakuti safunsa anadya phula. Koma muganizirenso ichi. Kusintha kumene manowa akunena kunatenga zaka zosawerengeka, ndipo nyama zinali ndi nthawi yosamuka kapena yozolowera. Kusintha kwa mvula kumene ife tikuona kwachitika m'moyo wa munthu mmodzi. Chigwembe chija sichinadikire kuti phiri likwere. Chinangodikira kuti ife tidule mitengo. Ndipo kwa nonse ndikupempha chinthu chimene sindinanenepo pa ntchito yanga yonse: mukaona dzino, musalizule. Mukalipeza m'khoma la chigwembe kapena m'munda, lisiyeni pomwepo, ikanipo chizindikiro, bwerani mudzanene kunyumba ino.

Kwa inu akuluakulu a boma, nyumbayi taipereka m'manja mwa anthu a Mpwatika, koma musaitaye. Ikufuna wosamalira, ikufuna msewu woti basi ya ana asukulu ifike nthawi ya dzinja, ndipo khoma lija likufuna kuyenderedwa chaka ndi chaka. Ndaona nyumba zambiri m'boma lino zikutsegulidwa ndi nthungululu n'kutsekedwa ndi chiswe. Ndine wokalamba, ndiloleni ndinene zimenezi pamaso panu.

Che Yunus sanaione nyumba ino itatha. Anatisiya chaka chathachi, Ramazani itangotha. Ife tonse ndi a Mulungu, ndipo kwa Iye tidzabwerera. Ine Mkhristu ndinaima nawo pamzere wa amuna podutsitsa jeneza, chithatha chonyamulira maliro, ndipo palibe anandifunsa kuti ndikufunanji. Tinawaika pambali pa Abiti Amidu, pa dothi limene likanakhala kuti linagumulidwa, bwenzi lero pali dzenje. Ndimawasowa mkulu ameneyu. Ndimawasowa kwambiri.

Mukalowa, pa khoma la kudzanja lamanja pali chithunzi chachikulu chosonyeza mizere ya chigwembe, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo pa mzere uliwonse alembapo zimene mano ake ananena. Mukafika pamwamba penipeni mupeza mpata woyera, wopanda cholembedwa chilichonse. Ojambula anafunsa ngati angadzazepo ndi maluwa kapena mbendera kuti pasaoneke ngati panaiwalika, koma Dokotala Rahma anakana. Alendo adzabwera, ena ochokera kutali, ndipo adzaloza mpatawo n'kufunsa kuti, apa bwanji simunamalize? Musadzachite manyazi, ndipo musadzanene kuti zipangizo zinasowa. Mudzawauze kuti mzerewo ulipo, mano ake alimo, tikudziwa pamene ali, koma pamwamba pake pagona mayi wina amene mwamuna wake anamulonjeza kuti palibe adzamuvutitse.

Ndatsala ndi kanthu kamodzi m'thumba muno. Ndi kansalu koyera kaja, ndipo dzino lija lili momwemo. Lakhala m'kabati yanga zaka zonsezi. Kwa akatswiri ndi dzino losathandiza kwenikweni, chifukwa palibe akudziwa mzere umene linachokera. Koma ndi limene linatsegula chigwembe chonse, ndipo silinali langa. Che Ahmad, bwerani kuno. Landirani. Bambo anu anati sakufunanso kuliona, koma sananene kuti adzukulu awo asadzalione. Mukaliike ndinu m'kabokosi kagalasi koyamba, pansi pa mpata uja, ndipo nsaluyo musaichotse.

Dokotala Rahma, mwanangu, imirira pafupi ndi ine, ugwire nawo lumoli tidule riboniyi.

Olemekezeka nonse, amayi ndi abambo, m'dzina la anthu a mudzi uno, pokumbukira Che Yunus Zubair ndi akazi awo Abiti Amidu, amene agona limodzi kuseri uko pa dothi losagwedezeka, ndikulengeza kuti Nyumba ya Mano Akale ya Mpwatika yatsegulidwa tsopano.

Mulungu adalitse boma lathu la Mangochi, Mulungu adalitse Malawi. Sikomo kwejinji. Zikomo kwambiri.